Kasefa ka mumtsempha waukulu: akuti msika wake ukukula, nanga kuno ku Lusaka?

MwanaWaKuKatete
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani ziwiri zimene zandisowetsa tulo, koma gwero lake ndi limodzi. Amayi anga, a zaka 67, ndikukhala nawo kuno ku Chelstone chichokereni kumudzi. Sabata yatha mwendo wawo wakumanzere unatupa kuyambira pa katumba mpaka pa ntchafu, kutentha ngati mbatata yootcha, nsapato osalowanso. Atawajambula anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wamkati. Chovuta n'chakuti mwezi watha womwewu anagonekedwa ndi zilonda zam'mimba, anasanza magazi mpaka kuwaonjezera mabotolo awiri. Adokotala akuti mankhwala oletsa magazi kuundana akhoza kudzutsanso kutaya magazi kuja, ndiye akuganiza zowaika kasefa mumtsempha waukulu wa m'mimba. Papepala alemba kuti IVC filter. Ine kanthu kameneka sindinakamvepo chibadwire.

Yachiwiri ndi iyi. Nditawauza alamu anga amene amaoda zipangizo zachipatala, anati awerenga kuti msika wa timasefa timeneti ukukula chaka ndi chaka dziko lonse lapansi, ndipo akufuna ndiike ndalama yanga ya chilimba kuti tiyambe kutibweretsa kuno. Ndithandizeni mbali zonse ziwiri. Kodi n'kotetezeka kwa amayi? Nanga msika umenewu ulipodi?

GogoMtendere
Pepa mwanawe. Choyamba, mwendowo musautikite ngakhale pang'ono, ndipo asapite nawo kotema mphini. Mulungu awakhudze amayi ako.

NesiWaKuChilenje
Agogo anena zoona, osautikita. Ndifotokoze mwachidule kuti tonse tiyambire pamodzi. Magazi ochokera kumiyendo amakwera kubwerera kumtima kudzera mumtsempha umodzi waukulu umene umadutsa m'mimba chakumsana. Ntchintchi ya magazi oundana ikathothoka kumwendo imayenda njira yomweyo, n'kudutsa mumtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Apo ndiye pamene munthu amabanika mwadzidzidzi, nthawi zina n'kugwa osadzukanso. Kasefako ndi kachitsulo ka timiyendo tingapo, kooneka ngati nthiti za ambulera yopanda nsalu. Amakalowetsa kali kopinda kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pakhosi, munthu ali maso, atangomubaya jekeseni wa dzanzi. Kakafika m'munsi pang'ono mwa mitsempha ya impso amakatambasula, kakanirira m'mbali mwa mtsempha. Ntchito yake ndi kukola ntchintchi zikuluzikulu basi. Sikasungunula magazi amene aundana kale, ndipo sikaletsa ena kuundana. Mwendo sudzaphwa chifukwa cha kasefa.

MwanaWaKuKatete
Zikomo anesi. Ndiye kuti si mankhwala ayi, ndi mlonda chabe?

NesiWaKuChilenje
Eya, mlonda wa pachipata. Ndipo nkhani ya amayi anu ndi yeniyeni imene kasefaka anakapangira: munthu ali ndi magazi oundana atsopano, koma sangamwe mankhwala chifukwa angataye magazi. Pamenepo madokotala ambiri sakangana.

Mpamba_Kamwala
Ine ndiyankhe za msika, poti ndakhala mu bizinesi yooda katundu zaka zoposa khumi. Alamu anuwo sakunama. Taganizani zimene zimachititsa magazi kuundana: ukalamba, khansa, kunenepa kwambiri, maopaleshoni akuluakulu a m'chiuno ndi mawondo, ngozi zapamsewu, kugona nthawi yaitali pabedi. Mwa zonsezi, n'chiti chikuchepa? Palibe. Ku China ndi ku India akumanga zipatala zokhala ndi makina oonera mitsempha tsiku ndi tsiku. Makina a CT achuluka, ndiye matenda amene kale munthu ankafa nawo osadziwika tsopano akupezeka. Kuno kwathu tili ndi Cancer Diseases Hospital, tili ndi National Heart Hospital, zipatala zapulaiveti nazo zikuchuluka. Makampani ngati Cook Medical, BD, B. Braun ndi Boston Scientific sangataye ndalama pa chinthu chopanda phindu. BD inagula kampani ya Bard mu 2017 ndi madola 24 biliyoni, ndipo Bard ndi imodzi mwa opanga timasefa odziwika kwambiri. Woyamba kufika padambo ndiye amamwa madzi oyera.

WojambulaMatero
A Mpamba, BD sinagule Bard chifukwa cha timasefa tokha. Bard inkapanga zinthu zambirimbiri, machubu a mkodzo, zipangizo za opaleshoni ndi zina. Ndipo pamodzi ndi kampaniyo anagulanso milandu masauzande ya anthu odandaula za timasefa tomweti.

Mpamba_Kamwala
Ku America amasumirana chilichonse. Zimenezo zisatiopseze.

AchemwaliAkuLeeds
Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito yausiku. Ndine mwana wa ku Kabwata koma ndikugwira unesi kuno ku England, m'chipinda chimene amaikira ndi kuchotsera timasefa timeneti. Ndipirireni, ndilemba zambiri, chifukwa mbiri yake ndi imene ingayankhe funso la msika.

Kale dokotala akafuna kuteteza mapapo ankang'amba pamimba n'kumanga mtsempha waukuluwo. Mu 1967 dokotala wina dzina lake Kazi Mobin-Uddin anabweretsa kachipangizo konga ambulera kolowetsa mumtsempha. Mu 1973 kunabwera ka Lazar Greenfield, dokotala wa ku Oklahoma, amene anathandizana ndi Garman Kimmell, katswiri wa mapaipi a mafuta. Nzeru anaitenga ku sefa yokola zinyalala m'mapaipi: yosongoka kumutu, kuti zinyalala zisonkhane pakati, madzi azidutsabe m'mbali. Timasefa toyambato tinali tokhalitsa, ukaika waika.

Cha m'ma 2003 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza timasefa totheka kuchotsa. Apa ndiye msika unaphulika. Madokotala anaganiza kuti poti kadzachotsedwa, palibe choopsa, nayamba kuika ngakhale mwa anthu amene analibe magazi oundana, ongowaopera chabe: a ngozi zagalimoto, okachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, ndi ena otero. Koma ambiri mwa anthuwa sanabwererenso kukachotsa. Mu 2010 FDA inachenjeza kuti chiyambire 2005 inali italandira madandaulo 921. Mwa amenewa, 328 anali a kasefa kusuntha pamalo pake, ena anali a timiyendo kuthyoka n'kuyenda ndi magazi, ena kuboola mtsempha. Mu 2014 inabwerezanso, n'kunena kuti ngozi ya kumapapo ikadutsa, nthawi yabwino yochotsera ndi pakati pa masiku 29 ndi 54 chiikireni. Kuyambira 2010 chiwerengero cha timasefa toikidwa ku America, kumene kuli msika waukulu kuposa kwina konse, chakhala chikutsika. Ndiye wina akanena kuti msika ukukula, mufunseni kuti ukukula kuti, ndipo chikukula ndi chiwerengero cha timasefa kapena mtengo wake.

Mpamba_Kamwala
Achemwali, ndamva. Koma malipoti amene ndimawerenga onse akuonetsa mzere wokwera.

AchemwaliAkuLeeds
Malipoti amenewo amalembedwa kuti agulitsidwe kwa anthu ofuna kuika ndalama. Amatenga mayiko onse n'kuwaika m'thumba limodzi. Ku Asia kukhoza kukwera pamene ku America kukutsika. Komanso kasefa katsopano ndi kodula kuposa kakale, ndiye ndalama zikhoza kukwera ngakhale odwala oikidwa ali ochepa.

WojambulaMatero
Ndionjezere za kafukufuku, poti ndi amene anasintha maganizo a madokotala. Ku France anachita kafukufuku wotchedwa PREPIC, amene anatuluka mu 1998, pa odwala 400. Onse ankalandira mankhwala, koma theka anawaikanso kasefa. M'masiku oyambirira a kasefa anatetezekadi, ochepa ndi amene ntchintchi inafika kumapapo. Koma patatha zaka ziwiri magazi anali ataundananso m'miyendo mwa anthu pafupifupi 21 pa 100 alionse a kasefa, pamene mwa opanda kasefa anali pafupifupi 12. Imfa zinali chimodzimodzi mbali zonse. Mu 2015 anabwereza ndi timasefa tochotseka, PREPIC 2, ndipo sanapeze phindu loonjezera kasefa kwa munthu amene akutha kumwa mankhwala. Mu 2019 ku Australia anayesa pa anthu 240 ovulala kwambiri pangozi, theka la iwo kuwaika kasefa msangamsanga mongoteteza, ndipo sizinachepetse imfa. Mwachidule, gulu la anthu oyenera kasefa lakhala likuchepa, latsala la anthu ngati amayi a mnzathuyu.

MwanaWaKuKatete
Tsopano mwandiopsa. Kuthyoka? Kuboola mtsempha? Ndikane kodi?

NesiWaKuChilenje
Ayi achimwene, musakane chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Mavuto ambiri amene achemwali atchula amabwera kasefa kakakhalitsa, miyezi yambiri kapena zaka. Ngozi ya amayi ili m'masabata ano, pamene ntchintchi ili yatsopano ndipo sakumwa chilichonse choiletsa. Chimene mukachite mawa ndi kufunsa adokotala mafunso awa, cholembera chili m'manja. Kasefaka n'kochotseka? Dzina lake ndi chiyani? Adzakachotsa ndani, kuti, tsiku liti? Ndalama yochotsera ili m'kati mwa mtengo umene atiuza kapena ndi yapadera? Zilonda zam'mimba adzaziyang'ananso liti kuti amayi ayambe mankhwala? Akayankha bwinobwino, mtima ukhale pansi.

AdadaChisomo
Funso lachitatulo ndi limene linatipweteka ife. Akazi anga anaikidwa kasefa kunja, kumene tinapita ndi matenda a khansa. Tinagulitsa puloti ku Chongwe kuti tikwanitse. Potuluka anatipatsa kapepala kachingerezi, ife n'kumaganiza kuti zonse zatha. Palibe amene anatikhazika pansi kutiuza kuti kanthuka n'kofunika kuchotsa. Patatha zaka zitatu anayamba kumva kuwawa msana ndi m'mimba, miyendo yonse iwiri kutupa. Atawajambula kuno anapeza kamwendo kamodzi katatulukira kunja kwa mtsempha, ndipo mbedza imene amakokera kasefa pochotsa yamera mnofu. Adokotala amene tinawaona anati iwo sangayerekeze kukakoka. Lero akazi anga amamwa mankhwala tsiku lililonse, masokosi othina sachoka kumiyendo, ndipo ine ndikamva atsokomola usiku ndimadzuka n'kuyatsa nyali. Tsono a Mpamba, mukamati msika, ine ndimaona nkhope ya mkazi wanga. Mubweretse timasefa, chabwino, koma mubweretsenso wochotsa.

Mpamba_Kamwala
Pepani kwambiri adada. Sindinalembe kuti ndipweteke munthu. Komatu nkhani yanuyi ikundithandiza. Mukanapeza chithandizo chonse kuno kwathu, kuika ndi kuchotsa pamalo amodzi, bwenzi puloti yanu ilipo ndipo akazi anu akanaitanidwa pa nthawi yake. Katundu akapanda kubwera, madokotala athu aphunzirira pa chiyani?

AdadaChisomo
Pamenepo mwanena zoona. Sindikutsutsa.

AchemwaliAkuLeeds
Adada, musataye mtima. Kuli madokotala amene ntchito yawo ndi kuchotsa timasefa tokanirira, amagwiritsa ntchito timapani tapadera, ndipo mu 2021 FDA inavomereza chipangizo cha Philips chotchedwa CavaClear chimene chimadula mnofu womera pa kasefa ndi kuwala kwa laser. Si aliyense amene angachotsedwe, nthawi zina kusiya n'kwabwino kuposa kukoka, koma zithunzi za CT zikhoza kutumizidwa kuti katswiri wina aone. Ndipo a Mpamba, onani kumene ndalama zikuloza masiku ano: zipangizo zochotsera timasefa, ndi zipangizo zoyamwa ntchintchi yeniyeniyo mumtsempha. Mu 2025 Stryker inagula Inari Medical, kampani yopanga zoyamwa zimenezi, ndi madola pafupifupi 4.9 biliyoni. Kuno kwathu kuntchito tili ndi kaundula, aliyense woikidwa kasefa amalembedwa, ndipo pali nesi amene amaimba foni mpaka munthu abwere. Chinthu chotchipa ngati kaundula ndi chimene chimapulumutsa anthu.

Dalaivala_Kasumbalesa
Abale ndiloleni ndilowe ndi yanga ngakhale ndi yapambali. Ine ndimayendetsa thiraki, Durban mpaka Congo. Pa Kasumbalesa timatha kukhala pamzere masiku anayi, asanu, kugona m'galimoto momwemo poopa akuba. Madzi timamwa pang'ono dala chifukwa zimbudzi ndi zovuta. Mnzathu wina chaka chatha anatsika m'thiraki, anayenda mapazi ochepa, anati chifuwa chandigwira, basi. Anali atadandaula za mwendo masiku awiri, ife n'kumati ndi kutopa. Kodi ife oyendetsa tingaikitse kasefaka kuti tikhale otetezeka?

NesiWaKuChilenje
Ayi adalaivala, musayerekeze. Munthu wabwinobwino saikidwa kasefa, kakhoza kukubweretserani vuto limene munalibe. Inu chofunika ndi kutsika maola awiri alionse n'kuzungulira thiraki kangapo, kumwa madzi okwanira, ndi kumagwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi mukakhala pamzere. Mwendo umodzi ukatupa, kuwawa pa katumba, kapena mukayamba befu losadziwika bwino, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, katundu adikire.

AmakeTaonga
Zomwezo ndi ife a mabasi a ku Nakonde ndi Johannesburg. Ukakwera pa Intercity umapanikizika ndi zikwama mpaka miyendo kuuma, usiku wonse osatambasula. Ine ndinazolowera kuona mapazi otupa ndikafika.

NesiWaKuChilenje
Mapazi onse awiri kutupa pang'ono n'kuphwa mukagona si zachilendo. Choopsa ndi mwendo umodzi, wowawa, wosaphwa. Ndipo amayi apakati, ongobereka kumene, ndi akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen asamale kwambiri pa maulendo amenewa.

GogoMtendere
Ine ndimamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Mdzukulu wanga anandiuza kuti ndi mankhwala a makoswe. N'zoona zimenezi? Komanso anandiletsa chibwabwa ndi lepu, ine wokulira ndiwo zamasamba.

WaMankhwalaKabwata
Agogo, mdzukulu wanu sananame koma sanamalize nkhani. Warfarin anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948, kenako mu 1954 anavomerezedwa kwa anthu, pa mlingo woyezedwa bwino. Wapulumutsa anthu osawerengeka. Za ndiwo, simukuyenera kusiya. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin, ndiye chofunika ndi kudya mofanana sabata ndi sabata, osati lero mbale yodzaza kenako mwezi wathunthu osalawa. Mukatero mlingo wa mankhwala amaukonza mogwirizana ndi kadyedwe kanu poyeza INR, muyeso woonetsa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane.

AmakeTaonga
Agogo mwatengera za m'tauni, kwathu ku Chadiza timati nkhwani.

GogoMtendere
Zaka makumi anayi mu Lusaka mwanawe, lilime limapindika. Koma wotendera ndi yemweyo.

WaMankhwalaKabwata
Ndibwerere ku funso la msika, chifukwa ndikuona kuti tikuyang'ana kumwamba pamene njoka ili pamapazi. Ine ndimaima pa kauntala tsiku lonse. Anthu obwera ndi pepala la magazi oundana ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira, ndipo si okalamba okha ayi. Kuno zimene zimakankha vutoli ndi zina: HIV, chifuwa chachikulu, khansa ya khomo la chiberekero, uchembere ndi opaleshoni yobereka, kuthyoka miyendo pangozi. Nthawi ya COVID-19 tinaonanso ambiri. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo 19.6 miliyoni, ndipo ambiri ndi ana ndi achinyamata, ndiye nkhani ya ukalamba imene imayendetsa msika ku Japan kapena ku Germany si yathu kwenikweni.

Mwa anthu onsewa, ofunika kasefa ndi owerengeka. Otsalawo akufuna mankhwala, ndipo apa ndi pamene pali ululu. Mayi wapakati sangamwe warfarin chifukwa amavulaza mwana, amafunika jekeseni wa enoxaparin tsiku lililonse kwa miyezi. Ndaonapo mayi akuwerenga ndalama pa kauntala, n'kugula majekeseni atatu m'malo mwa makumi atatu, n'kunena kuti ena adzagula malipiro akatuluka. Rivaroxaban ndi apixaban, mapiritsi atsopano oletsa magazi kuundana, ndi osavuta, safuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Koma wodwala TB amene akumwa rifampicin sangawadalire, chifukwa rifampicin amachititsa chiwindi kuwatha mphamvu msanga. Warfarin nayenso amavuta kukhazikika pa munthu wa rifampicin. Ma ARV ena, makamaka okhala ndi ritonavir, nawonso amasokonezana ndi mankhwalawa. Amene angabweretse enoxaparin wabwino pa mtengo wofikirika, timapepala toyezera INR, ndi masokosi othina a masaizi oyenera, ameneyo wathandiza mtundu ndipo sagona ndi njala.

Mpamba_Kamwala
Mankhwala aliyense akuoda kale, phindu lake ndi lochepa. Kasefa kamodzi phindu lake likhoza kuposa makatoni khumi a mapiritsi.

WojambulaMatero
Kagulidwe kaye. A Mpamba, tiyeni tiwerengere limodzi. Kasefa sikagulitsidwa pa shelefu ngati Panado. Kamafuna chipinda chokhala ndi makina oonetsa mitsempha pa sikirini pamene dokotala akugwira ntchito, mankhwala othira mumtsempha kuti uoneke, magetsi osazima, ndi dokotala wophunzira ntchito imeneyi. Madokotala oterewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Ogula anu ndi iwowo basi, ndipo aliyense ali ndi mtundu umene anauzolowera kumene anaphunzira. Kasefa kamabwera m'paketi yomata yokhala ndi tsiku lothera ntchito. Mukaoda makumi awiri n'kugulitsa asanu, otsalawo ndi zinyalala zogula ndi madola. Onjezani chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndiponso kampani yopanga siipatsa katundu munthu wamba, imafuna woimira wovomerezeka. Kwacha nayo mukuidziwa, mumagula dola ili apa, pokalipidwa ili apo. Mukagulitsa ku boma kudzera ku ZAMMSA, bungwe logula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma, muyenera kukhala ndi mpamba wotha kudikira.

Mpamba_Kamwala
Zimenezi ndiye zomveka, ndi chilankhulo changa. Komabe wina ayenera kusunga ngakhale tiwiri titatu mu Lusaka muno. Munthu akutaya magazi sangadikire ndege ya ku Johannesburg.

WojambulaMatero
Apo tagwirizana. Tiwiri titatu, pamodzi ndi zida zochotsera. Koma imeneyo ndi ntchito ya kampani yokhazikika imene ikugulitsa kale mawaya ndi machubu a m'mitsempha, osati ya ndalama ya chilimba.

MphunzitsiWaKuGarden
Ndakhala ndikungowerenga. Chimene chikundiwawa ine ndi chakuti tikukambirana za kachitsulo kodula pamene pa kiliniki ya m'komboni munthu wotupa mwendo amapatsidwa mankhwala opha ululu n'kubwerera kunyumba. Mchemwali wanga anapita katatu. Ulendo wachinayi ndi umene wina anaganiza zomutumiza kukajambulitsa, ndipo pamenepo n'kuti akulephera kukwera masitepe atatu. Makina ojambulira mwendo ndi omwe aja ojambulira amayi apakati, amangofuna kamutu kena ndi munthu wodziwa kukanikiza mtsempha n'kuona ngati ukuphwatalala. Bwanji osaphunzitsa anthu ambiri zimenezo?

WojambulaMatero
Aphunzitsi mwalasa. Kuyeza kumeneko sikutenga mphindi khumi ndi zisanu. Ndipo dziwani kuti kupeza matenda kukachuluka, ofuna mankhwala adzachuluka, ndipo pakati pawo padzapezeka ochepa ofunadi kasefa. Ngati msika wa timasefa udzakule kuno, udzakulira pamenepo.

AmakeTaonga
Nanga NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ija, imalipira zimenezi? Timadulidwa 1 peresenti mwezi ndi mwezi.

WaMankhwalaKabwata
Musadalire zomva. A MwanaWaKuKatete apite ku ofesi ya NHIMA ya pachipatalapo ndi kalata ya adokotala, afunse padera za kasefa, za ntchito yoika, ndi za ntchito yochotsa, ndipo yankho alilandire lolembedwa.

Dalaivala_Kasumbalesa
Anesi, ndayamba kale. Lero pa Chirundu ndazungulira thiraki kasanu, anzanga mpaka kundifunsa ngati ndataya kiyi. Ndawafotokozera, awiri anditsatira.

MwanaWaKuKatete
Abale, ndabwerako. Mafunso onse ndinawalemba kuseri kwa envelopu ndipo adokotala sanakwiye, anati akanakonda aliyense akanamafunsa chonchi. Amayi anawaika kasefa Lachinayi m'mawa, kudzera m'mphechepeche yakumanja. Sizinathe ola limodzi. Potuluka anali maso, akudandaula njala, pabala pali kapulasitala kakang'ono ngati ka jekeseni. N'kochotseka, dzina lake ndi nambala yake andilembera pa kakhadi kamene ndakaika m'Baibulo lawo, ndipo ndakajambulanso pa foni n'kutumizira alongo anga ku Katete. Pakatha masabata anayi adzawaonanso m'mimba ndi kachubu ka kamera. Zilonda zikapezeka zapola ayamba mankhwala, kenako adzachotsa kasefa kudzera pakhosi. Mtengo wochotsera ndi wapadera, choncho ndalama ya chilimba ija ndaisungira zimenezo. Alamu ndawauza, akhumudwa pang'ono, koma apempha kuti ndiwalumikize ndi a WaMankhwalaKabwata pa nkhani ya majekeseni ndi masokosi.

AdadaChisomo
Tsiku lochotsalo lilembeni pakhoma, osati pa foni pokha. Akakuzengerezani, pitani mukakhale pa benchi mpaka akuoneni.

AchemwaliAkuLeeds
Adada, nditumizireni uthenga kumbali. Zithunzi za CT za amayi akunyumba zikhale pa CD kapena pa fulashi, osati lipoti lolembedwa lokha. Ndikufotokozerani mmene mungapemphere adokotala anu kuti azitumize kwa katswiri wina.

MwanaWaKuKatete
Ndalemba kale pa kalendala ya kukhitchini ndi cholembera chofiira. Mwendo ukadali wotupa, anesi munanena kuti zitero. Tawaikira pilo pansi pa mwendo, ndipo madzulo ano ayenda kuchoka kuchipinda mpaka pakhonde atagwira phewa la mdzukulu wawo. Akufunsa ngati angadye nkhwani wotendera mawa.

WaMankhwalaKabwata
Adye, bola asathire tsabola chifukwa cha zilondazo. Ndipo mwendo ukawawa musawapatse Brufen, diclofenac kapena aspirin, amenewo ndi amene angatsegulenso zilonda. Panado yekha mpaka adokotala anene zina.